Kamera ya Mabandeji ndi Mzere Wakumbuyo

Tsabola anamenyetsa chitseko cha situdiyo ya bambo ake mpaka zithunzi za maukwati zimene zinali pakhoma zinagwedezeka, akwati ndi akwatibwi onse n'kupendekera mbali imodzi ngati aledzera. Dzina la Tsabolali anzake sanamupatse chifukwa cha kufatsa. Anali mtsikana wamfupi wa kalasi yomaliza ku sekondale, koma akapsa mtima ngakhale agalu a mumsewu ankamupatsa njira.

"Akulandani ntchito, ababa!" anakuwa, chikwama n'kuponya pampando wokhalapo makasitomala. "Chithunzi cha kalasi yathu simujambula ndinu. Ahedi apatsa mlamu wawo!"

Bambo ake anali chiweramire patebulo, akupukuta lenzi ndi kansalu kofewa. Anthu onse ankawatchula kuti a Mwetulirani, chifukwa ndiwo mawu amene ankafuula asanadine kamera. Kwa zaka khumi ndi zisanu, chithunzi cha ophunzira otsanzikana ndi sukulu ankajambula ndi iwowo, pa tsiku la mayeso omaliza, ana asanabalalike.

"Chitsekocho chakulakwira chiyani?" anafunsa osadzutsa mutu. "Khala pansi, unene ngati munthu."

Tsabola sanakhale. Anafotokoza ali chiimire, manja akuuluka uku ndi uku. Mlamu wa ahedi anali atalowa m'kalasi mwawo, kamera yatsopano ikulendewera pamimba. Anawauza kuti chithunzi chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, ndipo timadontho miliyoni imodzi ndiye megapikiseli imodzi. Yakeyo inali ndi mamegapikiseli 60. Mawu amenewa anawabwereza mpaka ana anamupatsa dzina lakuti a Mapikiseli belu lisanalire.

"Ndiye monita, ndi mano ake otalikirana aja, waimirira n'kufunsa kuti, 'Nanga ya bambo ake a Tsabola ili ndi angati?' Ine ndati 12. Iye akuti, 'Kamera ya mabandeji ija?' Kalasi yonse gwa! kuseka. Ngakhale ahedi anabisa pakamwa ndi rejisitala!"

A Mwetulirani anayang'ana kamera yawo. Chitseko cha batire chinali chomata ndi tepi yakuda, lamba wake wosokedwa kawiri.

"Monitayo sananame. Mabandeji alipo. Ndipo kamera ya mnyamatayo ndi yabwino, yaiposa yangayi kutalitali."

"Ababa!"

"Zoona sizipsa ndi tsabola. Tandiuza, waikako lenzi yotani?"

"Yaitali ngati paipi ya madzi."

Apa m'pamene kansalu kanaima. "Pakabwalo kopanikizika kaja? Pakati pa labu ndi mpanda?"

Tsabola sanafunikire kuuzidwa zambiri. Anakulira mu situdiyomo, mano ake oyamba anamerera pa zivindikiro za malenzi. Bambo ake ankakonda kunena kuti kamera ndi mutu, lenzi ndi maso. Lenzi yaifupi imaona ponseponse, ili ngati apongozi olowa m'nyumba, sipakhala kangodya kobisika. Lenzi yaitali ili ngati mnyamata wofunsira, pagulu lonse imangoona munthu mmodzi. Komanso m'kati mwa lenzi muli chibowo cholowera kuwala. Ukachitsekula kwambiri, nambala yake n'kutsika kufika pa 2, wooneka bwino ndi amene wamulunjika yekhayo, ena onse kumbuyo amasungunuka. Pojambula mkwatibwi zimenezo n'zokoma. Pojambula gulu umachichepetsa, nambala ikwere pa 8, kuti mizere yonse ituluke.

"Tamvera," anatero bambo ake. "Ine kupitako ndekha zioneka ngati nsanje. Koma iwe udzakhala pomwepo. Ukadzaona kuti akuvutika, udzamunong'oneze. Ngati alibe lenzi yaifupi, thamanga udzatenge yangayi. Makamera athu ndi a kampani imodzi, ilowa."

"Ndimuthandize? Munthu wokulandani ntchito? Ndibwino ndimeze mwala!"

"Pachithunzipo padzakhala nkhope yake kapena zanu?"

Tsabola ananyamula chikwama n'kutuluka. Chitseko chinalandiranso chilango chachiwiri.

Tsiku la mayeso omaliza linafika. Potuluka m'holo, Tsabola anakolekana mikono ndi Nsungwi, mnzake wapamtima amene anakhala naye desiki imodzi zaka zinayi. Nsungwi anali wamtali kuposa anyamata onse, moti awiriwa akamayenda limodzi ankaoneka ngati tsache ndi kachitini kake. Bambo a Nsungwi anali atawasamutsira kuntchito kutali, ulendo wa masiku awiri pa basi, ndipo banja lonse linkanyamuka m'mawa mwake.

"Chithunzi chimenechi ndicho chokha ndidzakhale nacho cha tonsefe," anatero Nsungwi. "Chikatuluka unditumizire. Ndidzachipachika pamwamba pa bedi, ndizidzakuona ndikamadzuka."

"Uzidzalota zoopsa," anayankha Tsabola, onse n'kuseka.

Pabwalo anapeza a Mapikiseli atafika kale, atavala kajekete ka matumba khumi ndi awiri, onse opanda kanthu. Mafuta onunkhira amene anadzola ankafika anthu asanawaone.

"Ana inu muli ndi mwayi," ankatero, akusisita lenzi yawo yaitali. "Kamera iyi ntchentche ikadutsa, tiwerenga nsidze zake. Osati zija mumajambulitsa kale, munthu kutuluka ngati wajambulidwa ndi mbatata."

Monita anaseka mokweza, akuyang'ana Tsabola. Makutu a Tsabola anatentha.

Ophunzira 62 anaima m'mizere itatu monga mwa zaka zonse. A Mapikiseli anasuzumira m'kamera. Munalowa anthu khumi ndi awiri okha. Anabwerera m'mbuyo. Anabwereranso. Anabwereranso kachitatu mpaka chidendene chinakodwa pa njerwa, iwo n'kukhala pansi m'maluwa a ahedi, miyendo m'mwamba, kamera ataikweza ngati khanda pa chigumula. Atadzuka anagunditsa msana kumpanda, koma ana a m'mbali sanalowebe.

"Panikizanani! Ayi, sizikutheka. Pangani mizere isanu ndi umodzi! Aafupi kutsogolo, akadyansonga kumbuyo!"

Gululo linafupika m'mbali n'kutalika cham'mbuyo. Nsungwi anakathera kumzere womaliza, msana kukhoma la labu. Tsabola, popita kumalo ake, anadutsa dala kumbuyo kwa wojambulayo n'kuba ndi diso pa kagalasi ka kamera. Nambala ya chibowo inali pa 2.

Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe choipa. Lenzi yaitali, chibowo chotsekula, mizere isanu ndi umodzi! Munthuyu ankadzikumbira yekha dzenje, khasu lake lomwe, thukuta lake lomwe. Situdiyo inali pafupi, kuthamanga pang'ono chabe. Mawu a bambo ake anamugogoda m'mutu, koma iye sanatsekule.

Anamukhazika kutsogolo penipeni, pambali pa ahedi. Ahediwo, poona mlamu wawo akupukuta thukuta ndi kuchotsa masamba pathalauza, anayamba kukayika. Anaweramira kwa Tsabola.

"Iwe, paja ndiwe mwana wa wojambula. Zili bwino apa? Bambo ako sankatipanikiza chonchi."

Tsabola anakweza mawu kuti afike mpaka kwa monita.

"Ine ndingadziwe chiyani, aphunzitsi? Ndine mwana wa kamera ya mabandeji. Funsani mamegapikiseli 60."

"Tsabola!" anaitana Nsungwi kuchokera kumbuyo, akuimika dzanja. "Kunoko ndikuoneka?"

Pamenepo kanthu kanamutsina Tsabola pamtima. Anatsekula pakamwa. Koma monita anatsokomola monyoza n'kunong'ona kuti, "Mabandeji," ndipo pakamwa paja panatulukira zina.

"Ungabisike iwe? Ukuoneka ngati mlongoti!"

Kamera inalira, tatatatata, ngati makina osokera. A Mapikiseli anathamanga kukaonetsa ahedi pa kagalasi kakang'ono ka kumbuyo kwa kamera. "Taonani tayi yanu, alamu! Ulusi uliwonse!" Pa kagalasi kochepa ngati bokosi la machesi, zonse zinkaoneka bwino. Ana anaomba m'manja n'kubalalika.

M'mawa mwake Tsabola anaperekeza Nsungwi kokwerera basi. Analira mpaka kondakitala anawafunsa ngati kuli maliro. Basi ikunyamuka, Nsungwi anatulutsa khosi lake lalitali pazenera: "Chithunzi chija usaiwale!"

Masana ahedi ndi mlamu wawo anatulukira ku situdiyo, chifukwa makina otsukira zithunzi zikuluzikulu m'dera lonselo anali ndi a Mwetulirani okha. A Mapikiseli anapereka kakhadi ka m'kamera ndi zala ziwiri, ngati akupereka mendulo.

"Madala, mukonzeke. Kompyuta yanuyi mwina sinaonepo zotere."

Chithunzi chinadzaza galasi lalikulu la kompyuta.

Mzere wakutsogolo unatuluka mochititsa mantha. Tayi ya ahedi, ulusi uliwonse, ndi kadontho ka supu kamene anadontheza sabata yatha. Chiphuphu chilichonse, batani lililonse losokedwa ndi ulusi wosiyana. Mzere wachiwiri unali ngati ukuwaona utangodzuka kutulo. Wachitatu ngati uli kuseri kwa utsi. Kuyambira wachinayi mpaka womaliza kunalibe anthu, kunali mitambo yovala yunifolomu. Ana awiri a m'mbali anadulidwa pakati, aliyense kutsala ndi khutu limodzi.

"Ndi kompyutayi!" anafuula a Mapikiseli. "Ndi yakale! Siikutha kunyamula mamegapikiseli!"

A Mwetulirani anatsekula chithunzi chachiwiri, chachitatu, mpaka cha makumi anayi. Zonse chimodzimodzi.

Tsabola sanathe kudzigwira. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Nsidze za ntchentche zija zili kuti, a Mapikiseli? Mamegapikiseli 60, anthu khumi! Ya mabandeji ija inkatulutsa onse, ndi mphaka wa pakhoma yemwe!"

Anatembenukira kwa bambo ake kuti aseke limodzi. Bambo ake sankaseka. Ahedi nawo sankaseka, ankamuyang'ana iyeyo, maso atachepa.

"Ndiye kuti unkadziwa," anatero ahedi pang'onopang'ono. "Ndinakufunsa pamaso pa anzako onse, iwe n'kundiyankha zamwano." Kenako anatembenukira kwa bambo ake. "A Mwetulirani, ine ndinalakwa kukusiyani osakuuzani, ndikuvomera. Koma sindinkayembekeza kuti munthu wamkulu ngati inu mungatume mwana kuti akhale chete, chithunzi cha ana 62 chionongeke, cholinga muoneke katswiri. Zaka zonsezi ndinkakuyesani munthu wina."

Tsabola analeka kuseka. Bambo ake anavula magalasi. Iye anali asanawaonepo nkhope itagwa chotero, ngakhale tsiku limene mvula inalowa mu situdiyo. Sanadziteteze. Anangogwira mausi n'kukulitsa pakati pa mzere wakutsogolo, mpaka nkhope imodzi inadzaza galasi lonse.

Inali ya Tsabola. Pachithunzi chonsecho panalibe china chotuluka bwino kuposa iyo. Mphumi itakwinyika, mlomo utapotokera kumbali, diso likuyang'ana cham'mbali mwa munthu amene akudikira mnzake kuti aterereke pa khoko la nthochi.

"Ndinakuuza kuti kamerayi ndi yabwino," anatero bambo ake motsitsa mawu. "Taona, sinasiye kanthu."

Anasuntha chithunzicho kupita kumzere womaliza. "Tsopano ndionetse mnzako."

Tsabola anayandikira. Panali mitambo isanu ndi inayi. Umodzi unali wautali kuposa inzake, wokhala ndi kanthu kotuwa pamwamba, mwina dzanja, mwina banga la pakhoma. Maso panalibe, pakamwa panalibe, ngakhale kachipsera ka pachibwano kamene Nsungwi anakapeza tsiku limene ankamuteteza iyeyo kwa anyamata ovuta.

Foni yake inanjenjemera m'thumba. Uthenga unali wochokera m'basi: "Chatuluka? Ndaoneka bwino?"

Tsabola anaibwezera m'thumba ngati yamuotcha. Anaima pamaso pa ahedi.

"Aphunzitsi, ababa musawanene. Iwo anandituma kuti ndidzanene. Anati ngati lenzi yaifupi palibe, ndithamange ndidzatenge yawo. Ndinaona nambala ili pa 2, ndinadziwa zonse. Ndinakhala chete ndine, dala, chifukwa munawaseka." Kenako ukali wake womwe uja unabwerera. "Ndipo munawasekadi! Zaka khumi ndi zisanu akukwera makwerero padzuwa, inu n'kubisa pakamwa ndi rejisitala! Zimenezo zinandiwawa ndipo zikundiwawabe. Koma Nsungwi sanaseke nawo."

Ahedi anakanda kumutu, n'kuyang'ana kadontho ka supu pa tayi yawo. "A Mwetulirani, mundikhululukire. Kawiri konse."

A Mapikiseli anali atakhala pampando wa makasitomala, matumba onse khumi ndi awiri atafota. "Madala," anatero, "wogulitsa uja anandiuza kuti lenzi imeneyi ndiyo yapamwamba m'sitolo monse."

"Sanakunamizeni, achimwene. Mukajambula nayo mkwatibwi, apongozi amalira ndi chimwemwe. Koma nsapato ya ukwati salimira." Anatsekula kabati n'kutulutsa lenzi yawo yaifupi, yopalika utoto m'mbali. "Kamera ngati yanuyi imafuna galasi labwino. Mukaiika lenzi yachabechabe, timadontho tonse tija timangokulitsa zolakwika. Iyi ndi yokalamba, koma galasi lake ndi loyera. Tayesani."

Lenziyo inalowa pa kamera yatsopano n'kulira kuti kwatsa, ngati inabadwira pomwepo.

"Lachisanu ana akubwera kudzabweza mabuku," anatero Tsabola, akupukuta mphuno ndi dzanja. "Ndiwauza ndine kuti avale yunifolomu."

Masiku awiri amenewo Tsabola anayenda mpaka nsapato inatsekula pakamwa. Khomo lililonse ankayamba ndi kufotokoza chimene chinachitika, ndipo khomo lililonse ankalandira zake. Mayi wina anamuuza kuti mwana wake wa mzere wachisanu anasita malaya maola awiri. Monita anamusiya panja nthawi yaitali, kenako anatuluka n'kunena, akuyang'ana pansi, kuti za mabandeji zija zinangomupulumuka.

Lachisanu anabwera ana 55. Ena asanu ndi awiri anali atapita kale kutali. A Mwetulirani anawaimika m'mizere itatu, n'kukweza a Mapikiseli pa makwerero, iwo atagwirira m'munsi.

"Nambala ili pa chiyani?"

"Pa 8, madala!"

"A m'mbali alowa?"

"Alowa, ndi makutu onse awiri!"

Anyamata a mzere wakumbuyo anayamba kusunthirana kuti atseke mpata umene unatsala pakati pawo.

"Pamenepo musatseke," anatero Tsabola. Sanakuwe, komabe anamumvera.

"Nenani ndinu mawu aja, madala," anapempha a Mapikiseli ali pamwamba. "Kwa ine sakhala."

"Mwetulirani!"

Chithunzicho chitatuluka, anthu odutsa mumsewu ankaima pazenera la situdiyo kuchiyang'ana. Kamera yatsopano ndi lenzi yakale zinagwirizana ngati anthu apachibale. Nkhope zonse 55 zinaoneka mbee, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndi ntchentche yomwe inatera pa phewa la monita. Pakati pa mzere womaliza, pamene pakanakhala mutu wa Nsungwi, pankaoneka khoma la labu, ndi msomali umodzi wadzimbiri. Msomaliwo unatuluka bwino zedi.

Tsabola anapempha bambo ake kuti amutsukire zithunzi zonse ziwiri, choonongeka ndi chabwino. Kuseri kwa choonongeka analemba zonse zimene anachita, osasiyako, mpaka malo anatha. Kutsogolo anazunguliza ndi cholembera mtambo wautali uja n'kulemba kuti, "Uyu ndiwe." Anazungulizanso nkhope yokwinyika ija: "Wochititsa ndi uyu." Anatumiza pa basi.

Sabata inatha foni ili chete. Tsabola ankaigwedeza, kuizimitsa, kuiyatsanso, kufunsa bambo ake ngati netiweki yadwala. Sabata yachiwiri ili pakati, akusesa mu situdiyo, uthenga unalowa.

"Ndazilandira. Ndinakukwiyira masiku asanu ndi anayi, ndatopa. Msomaliwo ndi wokongola, koma sukufanana nane. Pamwamba pa bedi ndapachika chija cha mitambo, chifukwa n'chokhacho chimene tilipo tonse awiri."

Tsabola anawerenga kawiri. Anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kutuluka panja kuti bambo ake asamuone maso. Chitseko anachikoka pang'onopang'ono, moti akwati ndi akwatibwi a pakhoma sanadziwe n'komwe kuti munthu watuluka.